Zonyamula Pothawa Madzi

Tsopano pamene dzuwa la Okutobala lawaula minda, ndipo alimi ayamba kukweza maso kumwamba kuyembekeza chizimalupsa, nkoyenera kuti ife amene tinaona zimene mvula inachita m'mwezi wa Malichi chaka cha 2023 tikhale pansi ndi kufunsana, osati za mbewu ndi feteleza zokha ayi, komanso za kathumba kamene munthu angatole mumdima, madzi ali m'mawondo, mwana ali kumbuyo, pamene nthawi yosankha chotenga ndi chosiya yatha kale. Akulu anati tsoka silinunkha. Ngakhale a zanyengo anachenjeza kuti namondwe wa Freddy ali m'njira, palibe mmodzi mwa anthu a ku Chilobwe, okhala m'munsi mwa phiri la Soche, amene anadziwa ora limene matope ndi miyala zidzatsikire pa madenga awo.

Namondwe ameneyo anapha anthu oposa 600, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 600,000 anasiya nyumba zawo nakakhala m'misasa, ambiri a iwo m'makalasi a sukulu ndi m'matchalitchi. Koma wonena kuti chimenechi chinali chachilendo m'dziko muno waiwala msanga, pakuti Napolo anatsika ku Zomba mu 1946, anatsikanso ku Phalombe mu 1991, madzi anamiza midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa mu 2015, Idai anabwera mu 2019, ndipo Ana mu 2022 anaononga damu la Kapichira natisiya mumdima. Nthawi zonsezi chinthu chimodzi chinabwerezeka: milatho ikakokoloka ndi misewu ikaduka, thandizo la boma ndi la mabungwe, ngakhale liri ndi mtima wofulumira, limafika patapita masiku. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe galimoto inalephera kufikako Freddy atadutsa, kufikira ndege za helikopita zinayamba kutera. M'masiku oyembekeza amenewo, chipatala cha banja ndi chimene banjalo lanyamula m'manja.

Ndaona m'masitolo a m'tauni timabokosi tokongola tochokera kunja, tolembedwa kuti nta chithandizo choyamba, todzaza ndi timapulasitala tambirimbiri. Sinditinyoza, popeza wokhala nako kamodzi aposa wopanda kanthu. Koma amene anatilongedza ankaganizira munthu wodzicheka chala m'khitchini, osati mayi wa ku Makhanga amene wakhala masiku atatu pa chulu, madzi a Shire ndi Ruo atamzinga. Chifukwa chake ine ndinena kuti posankha zoika m'thumba tisayambe ndi funso lakuti m'sitolo muli chiyani, koma lakuti: madzi akaphwa, chimene chimatenga anthu athu n'chiyani? Ndipo tikayankha moona mtima, tipeza kuti ambiri satengedwa ndi zoopsa zooneka ndi maso, koma ndi madzi akumwa oipa, ndi mankhwala a tsiku ndi tsiku amene anatsala m'nyumba yogwa, ndi bala limene linasowa womanga.

Choyamba kulowa m'thumba, tsono, chikhale Thanzi, timapaketi tija ta mchere ndi shuga timene amayi amalandira kusikelo ya ana, timene ambiri amatipeputsa chifukwa cha kuchepa kwa mtengo wake. Pamene zimbudzi zasefukira ndi zonyansa zalowa m'zitsime, kutsegula m'mimba kumalowa m'msasa, ndipo chimene chimapha mwana ndi kutha kwa madzi m'thupi mwake. Maso amalowa, liwombo limaphwa, khungu ukalitsina silibwerera msanga, ndipo wodwala kolera angathe kutisiya m'maora ochepa okha. Nzeru ya Thanzi ndi yakuti shuga pang'ono amathandiza matumbo kuyamwa mchere, ndipo kumene mchere walowa madzi amatsatira, kotero kuti ngakhale matumbo odwala amabwezera m'thupi madzi amene akutayika.

Nzeru imeneyi inaonetsa mphamvu yake m'msasa wa anthu othawa, monga momwe misasa yathu imakhalira. Mu 1971, pa nkhondo imene inabala dziko la Bangladesh, anthu miyandamiyanda anathawira ku India, ndipo kolera anabuka pakati pawo. Dokotala wina, Dilip Mahalanabis, amene anali pa msasa wa ku Bangaon, ataona kuti madiripi atha pamene odwala akuchulukirachulukira, anasungunula mchere ndi shuga m'madiramu, nauza abale a odwala kuti aziwamwetsa ndi makapu usana ndi usiku. Ndipo pamene poyamba ankafa odwala ngati 30 pa 100 aliwonse, mwa amene anawasamalira motero anafa osakwana 4 pa 100. Amene anapulumutsa miyoyo imeneyo anali amayi ndi alongo osaphunzira za udokotala, ogwira kapu m'manja. Chotero musachite manyazi kuika mapaketi a Thanzi 10 kapena kuposerapo, pamodzi ndi botolo loyera la lita imodzi, pakuti paketi imodzi imasungunulidwa m'madzi abwino okwana lita imodzi, ndipo zotsala pakatha maora 24 zimatayidwa. Thanzi akatha, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi zigwira ntchito. Koma dzanja lisapyole muyeso pa mchere, chifukwa wochuluka umavulaza mwana. Pambali pake pakhale mapiritsi a zinki, amene mwana wotsegula m'mimba amamwa masiku 10 mpaka 14, ndipo woyamwa asaleke kuyamwa.

Komabe Thanzi wosungunulidwa m'madzi a chithaphwi aonjezera matenda pa matenda. Tonse tikumbukira kolera amene anayamba ku Machinga mu Malichi 2022, nafalikira m'maboma onse, napha anthu oposa 1,700, mpaka sukulu za ku Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. M'msasa nkhuni zimakhala zonyowa ndipo kuwiritsa madzi kumavuta. Nchifukwa chake kabotolo ka WaterGuard, kapena kolorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, nkofunika kuposa bandeji. Kachivindikiro kamodzi ka WaterGuard m'ndowa ya malita 20, ndi kudikira mphindi 30, ndiko kusiyana kwa madzi a moyo ndi madzi a imfa. Madzi akakhala a matope, ayambe asefedwa pa nsalu yoyera. Ndipo sopo, ngakhale kachidutswa ka sopo wochapira, asatsale.

Pali chinthu china chimene sindinachionepo m'bokosi logula, chimene kwa mabanja ambiri chiposa zonse. M'dziko muno anthu pafupifupi 1 miliyoni ali ndi HIV, ndipo ochuluka a iwo ali moyo ndi mphamvu chifukwa cha ma ARV amene amamwa tsiku ndi tsiku; kuonjeza pamenepo pali agogo a BP, pali odwala shuga, pali a khunyu amene akadumphitsa mankhwala angagwe pamoto kapena m'madzi, pali a mphumu, pali amene ali pakati pa mankhwala a TB. Munthu wotere akathawa chimanjamanja, namondwe amamtsatira mpaka kumsasa, ndipo ena, poopa maso a anthu, amakhala chete osanena kuti botolo lawo lapita ndi madzi. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Langizo langa ndi lakuti nyengo ya mvula ikayandikira, botolo la mankhwala lizigona m'thumba lomwelo, kuti mwini wake azitapa m'menemo m'mawa uliwonse. Potero sadzafunika kukumbukira zinthu ziwiri pa ora la chipwirikiti. Pamodzi nalo pakhale buku la kuchipatala la munthu aliyense wa pabanjapo, lokulungidwa m'jumbo ziwiri zomanga bwino, pakuti dokotala wa pamsasa, amene sanakuoneni chibadwire, adzawerenga m'menemo dzina ndi muyeso wa mankhwala anu m'malo mongoganizira.

Tsopano tifike pa mabala. Mphepo ikasasula denga, malata amauluka ndi kucheka. Khoma la zidina likagwa limathyola mafupa. Ndipo woyenda m'madzi akuda saona botolo losweka kapena msomali. Pa zimenezi zofunika si zambiri: nsalu zoyera zofewa zija achipatala amati gozi, mabandeji awiri kapena atatu, mpukutu wa pulasitala, sizasi, mapini, magulovesi angapo otetezera wothandiza ndi wothandizidwa yemwe, ndi kabotolo ka ayodini. Wosowa ndalama asataye mtima, pakuti chitenje chakale chochapidwa ndi sopo, choyanikidwa padzuwa ndi kusitidwa, chikang'ambidwa mizeremizere chimamanga bala, chikapindidwa chimakoleka mkono wothyoka pakhosi, ndipo chathunthu, pamodzi ndi mitengo iwiri, chimasanduka machira. Magazi akamatuluka kwambiri, dzanja lipsinje nsalu pabalapo mwamphamvu mphindi 10 osatukula kuti aone. Nsalu ikanyowa, ina iikidwe pamwamba pake, yoyambayo osaichotsa. Ndipo chinthu chimene chalasa nichikhala m'thupi chisazulidwe, koma chitchingidwe m'mbali kufikira achipatala atachiona. Bala la matope litsukidwe ndi madzi ambiri otetezedwa, ndipo njira ikatseguka mwini wake akafunse za katemera wa kafumbata. Dothi, phulusa ndi ndowe, zimene ena amathira pabala ndi mtima wabwino ndithu, ndizo zimaitana kafumbatayo.

Tikamawerenga za Msamariya wachifundo uja, timatama mtima wake, ndipo nkoyenera. Koma kawirikawiri timaiwala kuti mafuta ndi vinyo zimene anathira pa mabala a munthu wovulazidwa ndi achifwamba anali atanyamula asananyamuke kwawo, asanadziwe kuti adzakumana ndi yani panjira ya ku Yeriko. Chifundo chake chinapeza chogwiritsa ntchito chifukwa anakonzeratu.

Za kupsa ndi za njoka ndinena mwachidule, popeza pamenepa chofunika chili m'mutu koposa m'thumba. M'misasa mabanja amaphika mothithikana ndipo ana amagwera m'phala lotentha: popsapo pathiridwe madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, kenaka paphimbidwe mosamanga kwambiri, popanda mazira, mafuta kapena mankhwala otsukira mano. Njoka nazo zimathawira pamtunda pomwe pathawira anthu: wolumidwa asatemedwe mphini, asayamwidwe, asamangidwe chingwe cholimba; agonekedwe, avulidwe mphete ndi zibangili, chiwalocho chisagwedezeke, ndipo anyamulidwe kupita kuchipatala.

Nanga zosiya? Pano ndilankhula molimba, chifukwa ndaona anthu akudzaza zikwama ndi makapisozi ogula pamsika, amene akhala padzuwa miyezi, opanda dzina lake kapena tsiku lothera mphamvu. Mankhwala onga amoxicillin ndi bactrim si omwa mongoganizira, ndipo kuwamwa mwachisawawa ndiko kumalimbitsa tizilombo mpaka mankhwalawo aleke kugwira ntchito. LA, mankhwala a malungo, nayenso amafuna kuyezetsa magazi poyamba, pakuti si kutentha thupi konse kumene kuli malungo. Chokwanira ndi panado wa akulu ndi wa ana, aliyense m'paketi yake yolembedwa; asipirini asapatsidwe kwa ana. Ndipo pa malungo, amene amachuluka madzi akadikha m'zithaphwi, chida chenicheni ndi neti yonyikidwa m'mankhwala, imene ikapindidwa bwino silemera.

Abambo, amene kawirikawiri ndinu olamula za ndalama pakhomo, ndikupemphani ndi ulemu wonse kuti polongedza thumbali mufunse amayi a kunyumba ndi ana anu aakazi, pakuti pali zosowa zawo zimene mwambo suwalola kuzitchula pagulu, ndipo m'kalasi mogona anthu makumimakumi kusowa kwa mapadi kapena nsalu za kumwezi ndi chizunzo chachikulu. Pakhomo pakakhala mayi woyembekezera amene masiku ake ayandikira, chanzeru ndi kupita msanga kuchidikiro cha kuchipatala mitsinje isanadzaze. Komabe m'thumba mukhale lumo latsopano losatsegula, ulusi woyera, pepala la pulasitiki loyala ndi zitenje zouma zofunditsa khanda, popeza mwana akafuna kubadwa safunsa ngati mlatho ulipo.

Thumba lenilenilo likhale lopepuka, loti mayi wobereka mwana kapena mnyamata wa sitandade 6 angathe kuthamanga nalo, lokoleka paphewa kuti manja atsale ogwira ana. Zonse za m'katimo zikhale m'majumbo, tochi ndi mabatire ake ndi wezulo woitanira opulumutsa zili pamwamba. Lipachikidwe pafupi ndi khomo, pamwamba posafika ana aang'ono ndi potalikira moto, ndipo aliyense wamkulu m'nyumbamo adziwe pamene lili. Chaka ndi chaka, mvula isanagwe, litsitsidwe ndi kuunikidwa, kuti zimene zatha mphamvu zichotsedwe.

Ndidziwa kuti m'nyumba zambiri ndalama ya ufa ndi yosowa, ndipo kunena za magulovesi ndi ayodini kungamveke ngati kulankhula kwa wokhuta. Koma zambiri mwa zimene ndatchulazi ndi zopezeka kale pakhomo kapena kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi, ndipo zotsalazo zigulidwa chimodzichimodzi, mwezi uno sopo, mwezi wamawa bandeji. Zimene banja limodzi silingathe, mabanja khumi angathe, pakuti mutu umodzi susenza denga: mafumu athu, pamodzi ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, angasonkhetse bokosi limodzi lalikulu losungidwa pa sukulu kapena pa tchalitchi cha pamtunda kumene anthu amathawira, naitana a Red Cross, amene amaphunzitsa chithandizo choyamba, kuti adzaonetse achinyamata ndi amayi a m'mudzimo kumanga bala ndi kunyamula wothyoka mwezi wa Novembala usanathe.