MAKOLA A NSOMBA ACOKE M'NYANJA, KOMA A KU KLEMTU ADZADYA CIANI?

Nkhani yathu ya mwezi uno icokera kutali, ku British Columbia, cigawo ca kumadzulo kwa dziko la Canada. Kumeneko kuli nsomba yochedwa salmon. Makhalidwe ace ndi onga a mpasa: ikulira m'nyanja, koma nthawi yoswa ikafika ikwera mitsinje. Makampani akuru ocokera ku Norway anaika makola a ukonde oyandama m'nyanja yamcere, nawetamo nsombazi zikwizikwi pamalo amodzi. Tsono mu June 2024 Boma la Canada linalengeza kuti pofika pa 30 June 2029 makola otere acoke m'madzi a cigawoco, ndi kuti wofuna kuweta salmon awetere m'matanki otseka, pamtunda kapena pamadzi.

Ife tibvomereza kuti makolawo acoke. Khola la ukonde lilibe cipupa. Ndowe, zakudya zotsala ndi matenda zituruka pamodzi ndi madzi. Nsabwe za m'madzi zicuruka pa nsomba zothithikana, ndipo zikakamira tiana ta salmon yosaweta potsika m'mitsinje kunka kunyanja. Ukondenso umang'ambika. Mu August 2017 khola lina linagwa ku Cypress Island, m'cigawo ca Washington ku America, ndipo nsomba pafupifupi 250,000 zinathawa. Eni nthaka a mtundu wa Lummi anacita kuturuka ndi mabwato ao kukakoka nsomba za eni ace.

Koma tifunse funso limene anthu a m'maofesi salikonda. Kodi makola akacoka, nchito idzatsala kuti? Tanki ya pamtunda si dziwe lokumba ndi khasu ai. Madzi omwewo azungulira usana ndi usiku, makina nawasefa ndi kuwathira mpweya, ndipo makinawo akaima kanthawi nsomba ziyamba kufa. Cuma cofunika ncambiri, ndipo ngakhale ocidziwa agwa nazo: kampani ya Atlantic Sapphire, imene inamanga matanki akuru ku Florida, inataya nsomba zosawerengeka mu 2020 ndi 2021. Cifukwa cace mwini cuma akati amange pamtunda, adzamanga pamene pali magetsi, mseu ndi msika. Sadzamanga ku Klemtu, mudzi wa pacisumbu kumene mseu sufika, kumene anthu a mtundu wa Kitasoo Xai'xais alera ana ao ndi malipiro a makolawa zaka zoposa 20. Atsogoleri ao anakana lamuloli, ndipo ife sitiwadzudzula. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Munthu wopanda munda wina simumuuza kuti asiye munda wace lero cifukwa ca mapepala olembedwa ku Ottawa.

Eni nthaka si onse ali ndi mau amodzi. A mtundu wa 'Namgis ndi mitundu ina iwiri ndiwo anaumirira kuti makola acoke kwao, mpaka mu 2018 anapangana ndi Boma la cigawo za makola 17 a ku Broughton Archipelago. A 'Namgis omwewo sanangokana ndi pakamwa. Mu 2013 anayamba kuweta salmon m'matanki pa nthaka yao pafupi ndi Port McNeill, pa famu ya Kuterra. Nsomba zinakula ndithu, zinagulidwa. Koma famuyo inali yaing'ono, phindu linabvuta, ndipo pambuyo pace anaibwereketsa kwa kampani ya ku America. Apa mpamene tiona kuti anthu a m'midzi luso ali nalo, cimene alibe ndi cuma coyambira.

Boma ndilo linapereka ziphaso za makolawa. Tsono lisasambe m'manja ndi kungochula tsiku. Likokere magetsi ku midzi ya m'mphepete mwa nyanja, lipereke ngongole zoti matanki akhale m'manja mwa eni nthaka, ndipo nduna ikwere sitima ipite ku Klemtu ikakhale pansi ndi anthu, caka ca 2029 cisanafike.