CIWETO COTSIMPHINA CIFUNA DISO, OSATI CIKOTI

Alimi a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi, tamverani mau awa onena za miyendo ya ziweto zanu za nchito.

Akavalo sapezeka kawirikawiri kuno kwathu, pakuti kuyambira kale nchenche za tsetse ndi nthenda ya akavalo yofalitsidwa ndi tizirombo touluka usiku zinawaletsa kucuruka. Koma mbale wace wa kavalo, ndiye bulu, tiri naye, ndipo ng'ombe zapagoli ziri zambiri. Pamene Boma la Northern Rhodesia linayamba makonzedwe a Peasant Farming Scheme m'cigawo cino ca Kum'mawa m'caka ca 1948, alimi analandira pa ngongole ng'ombe, mapulawo ndi ngolo. Lero lino cuma ca mlimi ciyenda pa miyendo inai. Mwendo umodzi ukalephera, munda sulimika, ndipo cimanga, nshawa ndi thonje sizifika ku msika. Nanga bwanji ambiri a ife, poona ciweto cirikutsimphina, tithamangira cikoti, ndi kunena kuti ndi ulesi? Kutsimphina si ulesi ai. Ndi ululu.

Kuona maso a nkhono nkudekha. Muyendetse ciweto pamalo ouma ndi osalala, inu muime patsogolo pace. Ngati mwendo wodwala uli wakutsogolo, mutu udzadzuka pamene mwendowo uponda pansi, ndipo udzatsika pamene uponda wabwino. Mukaudziwa mwendo, yambirani ku ciboda, cifukwa kutsimphina kwambiri kucokera kumeneko. Cotsani matope, funani mwala, munga kapena msomali. Pambuyo pace sisitani ndi dzanja kukwera ku mfundo ndi ku bondo, muyerekeze ndi mwendo unzace: kodi patentha, patupa, kapena ciweto cikoka mwendo mukakhudza? Cenjerani ndi bulu, pakuti iye abisa ululu wace. Bulu amene angoima duu, wosafuna kudya, wadwala kale kwambiri.

Zoononga mafupa ndi mfundo zikuru ndi zinai.

Coyamba ndi nchito yamsanga. Mafupa a ciweto cacing'ono sanakhwime. Musasenzetse bulu katundu wolemera asanakwane zaka 4, ndipo musalimitse ng'ombe nchito yolimba isanafike zaka 3. Ndiponso goli la ng'ombe si la bulu. Bulu akoka ndi cifuwa, cotero mumsokere lamba lalikuru lofewa lopita pacifuwa.

Caciwiri ndi cakudya. Gaga ali ndi mcere wochedwa phosphorus wambiri, koma calcium, womanga mafupa, ali wocepa. Bulu kapena kavalo wodya gaga wambiri miyezi ndi miyezi afewa mafupa, atupa kumaso, natsimphina mwendo uno lero, mawa unzace. Mankhwala ace muli nao kale: masamba ouma a nshawa ndi a nyemba, amene ambiri angowasiya m'munda. Ng'ombe zibvutika mwa njira yina. M'cirimwe udzu wouma usowa phosphorus, ndipo ng'ombe ziyamba kutafuna mafupa ndi kuyenda mouma miyendo. Sir Arnold Theiler wa ku Onderstepoort, South Africa, anasonyeza ca m'ma 1920 kuti ng'ombe zotafuna mafupa a nyama zoola zitengako poizoni wozipuwalitsa ndi kuzipha. Cotsani mafupa ndi mitembo kubusa, ndipo funsani mlangizi za mcere wonyambita.

Cacitatu ndi khola la matope. Walira mvula walira matope, koma ciweto cisagone m'menemo. Ziboda zifewa, khungu la pakati pa ziboda za ng'ombe ling'ambika, pabvunda ndi kununkha. Mangani khola pamalo okwera, ndipo tapani ndowe mupite nazo kumunda.

Cacinai ndi mcombo wa mwana wobadwa kumene. Tizirombo tolowa pamcombo tiyenda m'mwazi ndi kukakhala m'mfundo, maondo natupa ndi mafinya. Pakani mankhwala a ayodini pamcombo tsiku lobadwa, ndipo onani kuti mwanayo wayamwa mkaka woyamba m'maora oyamba.

Tidziwa cimene ena adzayankha. Adzati, mvula siyembekeza munthu, ndikapumitsa ng'ombe sabata lathunthu ndidzacedwa kubzala. Mau amenewa ali ndi nzeru, pakuti wocedwa kubzala akolola pang'ono. Koma taganizani. Cironda ca munga cimene cikadapola m'masiku owerengeka, mukacipondetsa m'munda, mafinya akwera kulowa m'mfundo, ndipo mfundo yoonongeka sibwerera mwakale. Pamenepo simunataye sabata limodzi, mwataya ng'ombe ndi dzinja lonse, ndipo wogula nyama adzakupatsani mtengo umene afuna iye. Kuli bwino kubwereka ng'ombe kwa mnansi masiku ocepa. Koposa zonse, yang'anani ziboda ndi kudula zotalika m'miyezi ya September ndi October, mvula isanagwe.

Mukapeza cironda cacing'ono kuciboda, tsukani, bviikani phazi m'madzi ofunda a mcere kawiri pa tsiku, ndipo ciweto cipume pouma. Koma itanani mlangizi wa ziweto msanga ngati ciweto sicipondetsa konse mwendo, ngati mfundo yatupa ndi kutentha, kapena ngati msomali walowa kwambiri m'ciboda ca bulu, pakuti bulu agwidwa msanga ndi kafumbata. Musabaye jekeseni mongoganizira. Ng'ombe zambiri zikatsimphina pamodzi ndi kucuca dobvu, musazitulutse m'mudzi. Kauzeni a ofesi ya ziweto ku boma tsiku lomwelo, cifukwa imeneyo ingakhale nthenda ya zironda za m'kamwa ndi m'mapazi, yofala msanga. Pfupa lalikuru la mwendo likathyoka pa ciweto cacikuru, kawirikawiri silirumikizika, ndipo kucisunga m'zowawa si cifundo.

Mawa m'mamawa, musanamange goli, yendetsani ziweto zanu ndi kunyamula phazi liri lonse. Phunzitsani ana obusa kucita comweco, ndipo muwalande cikoti.