Ntchito yapezeka kunja, nanga mwana akadwala?

M'masiku a Wenela ndi Theba abambo ankapita okha ku migodi ya ku Joni, akazi ndi ana n'kutsala pamudzi. Lero zinthu zidasintha. Anamwino, aphunzitsi, atelala ndi amakaniko akapeza ntchito ku South Africa kapena ku Britain, ambiri amafuna kuitanitsa banja lonse.

Chimodzi mwa zinthu zomwe zimakopa mabanjawa ndi zipatala. Kholo lomwe mwana wake ali ndi khunyu, mphumu, sickle cell kapena vuto la mtima, ndipo latopa ndi maulendo a ku Gulupu, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu, limaona ngati kunja dokotala wa kadaulo ali pakhomo pomwepo.

Madokotalawo alikodi, ndi zipangizo zomwe. Koma kuti mwana afike pamaso pawo zimatengera chitupa chomwe makolo alowera m'dzikomo, ndalama zomwe alipira komanso mapepala a kuchipatala omwe anyamula.

Britain: kulipiriratu, kenako pamzere

Zipatala za boma ku Britain zili pansi pa NHS, yomwe idayamba mu 1948. Kumeneko munthu sangodzuka n'kupita kwa kadaulo. Amayenera kulembetsa kaye kwa dokotala wa m'dera lake, yemwe amamutchula kuti GP, ndipo iyeyu ndiye amalemba kalata yotumiza wodwala kwa kadaulo. Kulembetsaku n'kwaulere.

Ndalama zimatuluka munthu asanakwere n'komwe ndege. Kuyambira mu 2015, ofuna kukhala ku Britain kupitirira miyezi isanu ndi umodzi amalipira msonkho wa zaumoyo pamodzi ndi visa. Udayamba uli £200 pachaka, koma mu February 2024 udafika pa £1,035 kwa wamkulu ndi £776 kwa mwana. Izi zikutanthauza kuti bambo, mayi ndi ana awiri a visa ya zaka zitatu ayenera kulipiriratu £10,866 nthawi imodzi.

Anamwino, madokotala ndi ena olowa pa visa ya ogwira ntchito zaumoyo salipira msonkhowu, iwo ndi mabanja awo omwe. Koma osamalira okalamba, ntchito yomwe idatenga anthu ambiri a mu Africa, zawo zidavuta. Kuyambira mu March 2024 olembedwa kumene sadaloledwenso kupita ndi mabanja awo, ndipo mu July 2025 boma la Britain lidatsekeratu khomo lolemba antchitowa kuchokera kunja.

Kulipira msonkho sikudumphitsa mzere. Cholinga cha NHS ku England n'chakuti wotumizidwa kwa kadaulo ayambe kulandira thandizo pasanathe masabata 18, koma mu September 2023 pamndandanda wodikira padali nkhani za odwala pafupifupi 7.7 miliyoni. Mwana yemwe wasiya mankhwala kwawo poganiza kuti akaonana ndi kadaulo sabata yomweyo angathe kukhala miyezi ali chidikirire.

Palinso msampha wina omwe umakola mabanja ambiri. Mayi akatsala pang'ono kuchira, mwambo wathu ndi woitana agogo kuti adzathandize. Agogowo amalowa ngati alendo, ndipo mlendo akagonekedwa m'chipatala ku England amalipitsidwa 150 peresenti ya mtengo wa thandizolo. Ngongole ya £500 kapena kuposerapo ikapanda kubwezedwa ingathe kumulepheretsa kupezanso visa.

South Africa: lamulo lilipo, pageti n'povuta

Ku South Africa, komwe Amalawi ambiri amalowera, nkhani yake ndi ina. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dzikolo limapereka ufulu wa thandizo la kuchipatala kwa aliyense, ndipo limaletsa kubweza munthu yemwe wadwala mwadzidzidzi. Lamulo la zaumoyo la 2003 limati amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka zisanu ndi chimodzi azithandizidwa mwaulere m'zipatala za boma ngati sali pa medical aid.

Mu April 2023 khoti lalikulu ku Johannesburg lidatsindika kuti ufulu wa amayi ndi anawu ndi wa onse, posayang'ana dziko lomwe achokera kapena mapepala omwe ali nawo.

Koma chomwe chidalembedwa ndi chomwe chimachitika pageti nthawi zina zimasiyana. Mu 2025 anthu a gulu la Operation Dudula ankaima pazipata za zipatala zing'onozing'ono n'kumabweza aliyense wopanda chitupa cha unzika. Mu November chaka chomwecho khoti lidaletsa gululi kufunsa anthu zitupa ndi kuwatsekereza. Komabe mayi yemwe adabwezedwapo kamodzi ndi mwana kumbuyo sabwererako msanga, ndipo sikelo ndi katemera zimamudutsa.

Wolembedwa ntchito pakampani yabwino amadalira medical aid kuti azipita ku zipatala zolipira. Apanso pofunika kuwerenga bwino. Lamulo la 1998 limalola mabungwe a medical aid kudikiritsa membala watsopano miyezi itatu asanayambe kumulipirira, komanso mpaka miyezi 12 pa matenda omwe adali nawo kale polowa. Banja lomwe lasamuka kaamba ka matenda a mwana lingapezeke likulipira m'thumba chaka chonse pa matenda omwewo.

Zofunika kunyamula

Maiko awiriwa ndi osiyana, koma onse amafanana pa chinthu chimodzi: kadaulo amaonedwa ndi kalata, ndipo kalata imalembedwa msanga ngati mbiri ya matenda ikuoneka. Dokotala wa kunja sadziwa zomwe zidachitika ku Balaka kapena ku Jenda pokhapokha ataziwerenga.

N'chifukwa chake buku la kuchipatala, lomwe kuno ambiri amaliponya pansi pa matiresi, ndi katundu wofunika ngati pasipoti. Pamwamba pa bukulo pafunika kalata ya dokotala ya m'Chingerezi yofotokoza matenda, zotsatira za kuyeza magazi kapena kujambula, mayina a mankhwala ndi mlingo wake, komanso tsamba la katemera wa mwana.

Omwe amamwa ma ARV, mankhwala a shuga, BP kapena khunyu ayenera kukambirana ndi achipatala asananyamuke, atenge kalata yowasamutsa ndi mankhwala okwanira miyezi yoyamba. Kudukiza mankhwalawa n'koopsa kuposa kuchedwetsa ulendo.

Funso lomaliza ndi la olemba ntchito. Ambiri pokambirana amafunsa za malipiro ndi nyumba basi. Kodi mgwirizanowo ukutchula mkazi ndi ana? Msonkho wa zaumoyo kapena medical aid alipire ndani? Thandizo liyamba tsiku liti? Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Pomwe mayankho sakumveka bwino, n'kwanzeru kuti wopeza ntchitoyo atsogole yekha, akalembetse kuchipatala ndi kuona mmene mzere ulili. Mwana wodwala apitirize kaye kuonana ndi dokotala yemwe akumudziwa kale kuno, kufikira tsiku lokaonana ndi kadaulo kunjako litadziwika.