Mafuwa atatu a ntchito yomanga

Aliyense woyenda m'mizinda ndi m'midzi yathu waonapo matchalitchi amene makoma ake anaima pa mawindo zaka zapitazo, udzu utamera pamwamba pa njerwa. Akhristu anasonkha, amayi anatunga madzi, achinyamata anawotcha njerwa, koma denga silioneka. Ambiri amati chikhulupiriro chinachepa. Ife tikuona kuti kawirikawiri chimene chinasowa ndi kukhala pansi kuwerengera mtengo, monga Ambuye Yesu anaphunzitsira pa Luka 14:28-30, m'fanizo la munthu amene anayala maziko a nsanja nalephera kuitsiriza, anthu nayamba kumuseka.

Akatswiri oyendetsa ntchito zikuluzikulu amati ntchito iliyonse imakhala pa zinthu zitatu: kukula kwake, nthawi yake ndi ndalama zake. Zitatuzi zili ngati mafuwa: mukasuntha limodzi, mphika umapendekeka kufikira mutasunthanso ena. Mukawonjezera kukula kwa nyumba, muwonjezerenso ndalama kapena miyezi. Mukafuna kutsiriza msanga, mulipire amisiri ambiri kapena muchepetse nyumbayo. Ndalama zikachepa, ntchito ichepe kapena nthawi italike. Komiti imene ilonjeza tchalitchi chachikulu, chotha msanga ndiponso chotchipa, ikulonjeza zosatheka.

Malemba akutionetsa omanga awiri amene anasankha mosiyana. Nehemiya anaika nthawi patsogolo chifukwa adani anali atazinga Yerusalemu. Asanauze munthu aliyense, anayendera linga logumukalo usiku kuti aone kukula kwa ntchito. Kenaka anagawira mabanja zigawo zawo, sanasokonezedwe ndi ntchito zina, ndipo linga linatha m'masiku 52. Osauka atalira kuti akupinyolitsa minda yawo kuti apeze chakudya, iye anadzudzula akuluakulu okongoza ndalama za katapira, nakananso kulandira chakudya chimene bwanamkubwa ankayenera kulandira kwa anthu (Nehemiya 5). Kufulumira kwake sikunalipiridwe ndi misozi ya amphawi.

Mfumu Solomoni inaika patsogolo kukula ndi ulemerero. Kachisi anamangidwa zaka 7, nyumba yachifumu zaka 13, ndipo amuna 30,000 anatengedwa kukagwira thangata ku Lebanoni. Nyumbazo zinali zokongoladi, koma iye atamwalira anthu anapempha mwana wake Rehobowamu kuti awapeputsire goli. Atakana, mafuko khumi anapatuka ndipo ufumu unagawanika (1 Mafumu 12). Mtengo umene atsogoleri sauwerengera sutha ayi. Umagwera pamsana pa anthu wamba.

M'mipingo mwathu fuwa limene limasunthidwa mwakachetechete ndi la kukula kwa ntchito. Tinagwirizana za tchalitchi cha anthu mazana atatu. Mawa wina akuti tiwonjezere nsanja, mkuja matailosi, kenaka khonde loposa la mpingo woyandikana nawo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Ena amadzitonthoza kuti tidzamanga pang'onopang'ono, kuiwala kuti kuchedwa nakonso kumadya ndalama. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya simenti, malata ndi zitsulo inakwera. Ndalama zimene zinasungidwa kuti zifolere denga lonse zinangokwanira chigawo chake, pamene makoma osafolera anali kunyowa dzinja ndi dzinja.

Zinthu zikathina chotere, chiyeso chimakhala kubera pa kulimba kwa nyumba: mchenga wambiri, simenti pang'ono, maziko osazama. Uku ndi kuika miyoyo ya opembedza pachiswe. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chinamangidwa kuyambira 1888 kufikira 1891 motsogozedwa ndi Mbusa David Clement Scott, ndi manja a amisiri a kuno ndi njerwa zowotchedwa komweko, ndipo chikupembedzeredwabe patatha zaka zoposa 130. Ntchito yochitidwa mosamala imatumikira ndi zidzukulu zomwe.

Tsono tikupempha abusa, akulu a mpingo ndi makomiti a zomangamanga kuti khasu lisanakhudze nthaka, agwirizane poyera kuti ndi fuwa liti limene silidzasuntha. Ngati akhristu akupemphera pansi pa mtengo ndipo mvula ili pafupi, nthawi ndiyo ilamule: mangani chaching'ono, folerani, zokongoletsa zidikire. Ngati mpingo ndi wa alimi amene amaona ndalama kamodzi pachaka akakolola, thumba lawo ndilo lilamule, ndipo ntchito igawidwe m'zigawo zoti chilichonse chikatha chigwiritsidwe ntchito. Aliyense wobweretsa ganizo latsopano anenenso mtengo wake ndi miyezi imene lidzawonjezere. Papatulidwe kangachepe koyembekezera kukwera kwa mitengo, ndipo malipoti a ndalama aziwerengedwa pamaso pa mpingo wonse. Koposa zonse, mayi wamasiye asachititsidwe manyazi pomutchula dzina kuti sanasonkhe, kapena kukankhidwira ku ngongole chifukwa cha nsanja imene Mulungu sanaipemphe.

Phunziro lomweli likhudzanso mabanja. Bambo ndi mayi amene akumanga nyumba yawo, kapena kukonzekera ukwati wa mwana, akhale pansi limodzi ndi kusankha chimene chili chofunikadi, kuti fizi ya ana isamezedwe ndi chipinda chachisanu.

Kuwerengera mtengo sikutsutsana ndi chikhulupiriro, pakuti Ambuye mwini ndiye anatilangiza kutero. Tchalitchi chaching'ono chofoleredwa, chopanda ngongole, chimene akhristu ake akali okondana, chimalemekeza Mulungu koposa makoma aatali amene odutsa amawaloza ndi chala. Ambuye atipatse nzeru yoyamba zimene tingathe kutsiriza.