Amayi a ku Dzaleka Atsegulidwe Njira ya ku Msika

Pamene boma linatsegula msasa wa Dzaleka m'boma la Dowa m'chaka cha 1994, pa malo amene kale anali ndende ya anthu otsekeredwa pa zifukwa za ndale, ambiri anayesa kuti alendo othawa nkhondo a ku Rwanda ndi ku Burundi, pamodzi ndi a ku Congo amene anachuluka pambuyo pake, adzangopumulapo kanthawi, nadzabwerera kwawo mfuti zikadzaleka kulira. Pakuti makolo athu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma zaka zoposa 30 zapita tsopano, ndipo malo amene anakonzedwera anthu ngati 10,000 akusunga anthu opitirira 50,000, ochuluka mwa iwo amayi ndi ana. Alipo atsikana amene anabadwira momwemo, nakulira momwemo, amene lero abereka ana awoawo kumbuyo, asanapondepo phazi m'dziko limene mapepala awo amati ndi kwawo. Mayi wotere sakuyembekeza ulendo wa mawa ayi. Moyo wake ndi womwewu, ndipo tiyenera kufunsana poyera ngati nkoyenera kuti munthu wa manja awiri ndi nzeru zake zonse athe zaka zake ali pa mzere wolandira.

Sindifuna kuchepetsa ntchito imene mabungwe achita, chifukwa ndi yaikulu ndipo yapulumutsa ambiri. Bungwe la There Is Hope, limene anayambitsa Innocent Magambi, munthu amene iye mwini anabadwira m'moyo wothawa nkhondo nakhalamo zaka zambiri, laphunzitsa ntchito za manja othawa kwawo pamodzi ndi eni nthaka a midzi yozungulira, ndipo m'menemo munatuluka Kibebe, kumene amayi amasoka zikwama ndi zinthu zina za nsalu zogulitsa kutali. A Jesuit Refugee Service agwira nkhani ya sukulu kwa zaka zambiri. M'chaka cha 2018 banki inatsegula nthambi yake mumsasa momwemo, kuti kandalama ka mayi kasamagone pansi pa mphasa. Ndipo chiyambire 2014, pamene mlakatuli Menes La Plume anakhazikitsa chikondwerero cha Tumaini, alendo a m'mizinda akhala akudza ku Dzaleka, nadya zophika za amayiwo, ena nagona m'nyumba zawo molipira. Iye amene anafikapo pa msika wa Lachiwiri adziwa kuti ulesi suli m'gulu la matenda a pamalopo: pali tomato ndi anyezi, chapati ndi mandazi, zitenje, oluka tsitsi, ndi makina osokera olira kuyambira m'mamawa.

Komatu pali khoma limene khama lonseli limagundako nkubwerera, ndipo khomalo tinamanga ndife. Dziko lathu litavomereza pangano la maiko la 1951 lonena za othawa kwawo, m'chaka cha 1987, linakana kumangidwa kwathunthu ndi ndime zake zingapo, makamaka za ufulu wolembedwa ntchito, wokhala ndi chuma, ndi woyenda kapena kukhala kumene munthu afuna. Ndipo lamulo lathu la 1989, limene tikuyendera kufikira lero, linabadwa mu mzimu womwewo. Chotero mayi amene waphunzira kusoka miyezi yambiri, nalandira satifiketi pamaso pa alendo olemekezeka, nabwerera kunyumba mutu uli m'mwamba, apeza kuti sangatsegule kashopu ku Mponela, sangalembedwe ntchito ku Lilongwe, ngakhale mzindawo uli pa mtunda wa makilomita ngati 40 okha, ndipo kuti angopita kukagula nsalu pa mtengo wabwino ayenera kuyamba wapempha chilolezo chotulukira. Otsala kuti amugule ndi anzake a mumsasa, amene umphawi wawo ndi wofanana ndi wake. Wa mandazi agula kwa wa tomato, wa tomato agula kwa wa mandazi, ndipo ndalama imene ikuzungulira ndi yomwe ija yochepa ya chithandizo cha mwezi ndi mwezi. Pamene bungwe la WFP linadula chithandizocho ndi theka m'chaka cha 2023 chifukwa cha kuchepa kwa thumba lake, sanaonde olandira okha, unaonda ndi msika womwe.

Chaka chomwecho, m'mwezi wa Meyi, boma linakwaniritsa lamulo lake lakuti othawa kwawo onse okhala kunja kwa msasa abwerere ku Dzaleka. Anthu anatengedwa m'makwalala ndi m'nyumba za ku Lilongwe ndi m'maboma ena, ambiri nasungidwa kaye ku ndende ya Maula, mwa iwo amayi ndi ana, ndipo mashopu ndi katundu amene anasonkhanitsidwa m'zaka zambiri anatsekeredwa. Ena mwa anthu amenewa anali atasiya kale kudya za chithandizo; ankalipira lendi kwa Amalawi, ankagula mbewu kwa alimi athu, ankaphunzitsa ana awo ndi thukuta lawo. Tinatenga anthu odzidyetsa okha nkuwasandutsa opempha, pa nthawi imene mphika wodyetsa opemphawo unali kuuma.

Njala ikalowa m'nyumba, woyamba kukumana nayo maso ndi maso ndi mayi, pakuti ndiye amene mwana amamukoka chitenje madzulo. Ndiye amene amayenda mtunda kufuna nkhuni m'minda ya eni, kumene angakumane ndi mkwiyo wa mwini munda kapena choipa choposa mkwiyo. Ndiye amene amakongola ndalama ya katapila, kubweza kwake kukhala kowawa koposa njala imene anathawa. Ndipo ndinene motsitsa mawu, chifukwa nkhaniyi ndi ya manyazi kwa ife osati kwa iwo, kuti alipo amene amafika popereka thupi lawo kuti ana agone atadya, ndi ena amene amakwatitsa mwana wosakhwima kuti pakamwa pachepe m'nyumba. Ambiri mwa amayiwa ndi amasiye a nkhondo, opanda mlongo kapena mtsibweni wowaimira pabwalo. Kwa munthu wotere phindu la tsiku limodzi la malonda, lingachepe chotani, ndilo limamupatsa mphamvu yokana.

Ife amene tinaleredwa ndi Buku Lopatulika tiidziwa bwino mbiri ya Rute, mkazi wamasiye wa ku Moabu, amene anafika ku Betelehemu ali mlendo wopanda munda, atatsata mpongozi wake Naomi. Chimene chinamusunga si mtanga wa tirigu woperekedwa pakhomo mwezi uliwonse, koma lamulo la dzikolo limene linatsegulira mlendo ndi wamasiye minda ya eni kuti akunkhe. Ndipo iye anawerama kuyambira m'mawa kufikira madzulo, napuntha yekha zimene anatola, nasenza kupita nazo kwa Naomi. Chifundo cha Boazi, mwini mundawo, chinadza pamwamba pa lamulo limene linalipo kale. Ifeyo tachulukitsa a Boazi, ndiwo mabungwe a mtima wabwino, koma munda tautchinga ndi mpanda.

Ndidziwa dandaulo la amalonda athu, ndipo silopanda pake. Amati alendo amatsitsa mitengo, amagula mbewu mokokera, ndipo mwana wa eni dziko, amene nayenso ntchito ikumusowa, amatsala m'mbuyo. Mayi wa ku Dowa wogulitsa masamba m'mbali mwa msewu ali ndi chifukwa chofunsira kuti nchifukwa ninji mnansi wake wa mumsasa aphunzitsidwe ntchito ndi kupatsidwa mpamba pamene iye palibe womuyang'ana. Koma mankhwala a dandaulo limeneli si kutsekera mlendo. Ndiwo kumulemba m'kaundula, kumupatsa layisensi, kumukhometsa msonkho monga wina aliyense, ndi kulanga wophwanya lamulo la malonda kaya ndi mlendo kaya ndi mbadwa. Malonda oletsedwa samatha, amangobisala, ndipo akabisala boma silipeza kanthu, koma amadya ndi olandira ziphuphu. Za mayi wa ku Dowa, chilungamo chifuna kuti thandizo lililonse lolowa mumsasa ligwerenso m'mudzi, ndi kuti pa banki mkhonde imodzi pakhale wa ku Bukavu ndi wa kwa Msakambewa, aponyere m'bokosi limodzi ndi kukongozana, popeza anthu ogawana phindu sachedwa kuleka kuyang'anana ndi diso la nkhwezule.

Sitikhala oyamba kuyenda njira imeneyi. Dziko la Uganda, limene likusunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, linaika m'lamulo lake la 2006 ufulu wogwira ntchito ndi woyenda, ndipo limagawira mabanja timalo tomangapo ndi kulima. Anansi athu a ku Zambia akhala akupereka minda ku Meheba ndi ku Mayukwayukwa kwa zaka zambiri. Ngakhale ife eni tili ndi mbiri yotichitira umboni: pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique dziko lino, losauka monga linalili, linalandira anthu oposa miliyoni imodzi ku Nsanje, ku Mulanje, ku Ntcheu, ku Dedza ndi kwina, ambiri nakhala m'midzi pakati pa abale awo, mafumu nawaonetsa polima, kufikira mtendere wa 1992 unawatsegulira njira ya kwawo. Ndipo ana athu angati lero akudya za manja awo ku Johannesburg, m'dziko la eni, ife nkumapemphera kuti asathamangitsidwe? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Kwa a mabungwe ndili ndi pempho laulemu. Musayese ntchito yanu ndi chiwerengero cha amayi amene alandira satifiketi, koma ndi chiwerengero cha amene akudyabe za ntchitoyo zaka ziwiri zitapita. Mufunse kaye mayi chimene ankachita kwawo musanamukhazike pa makina osokera, pakuti mwa iwo muli anamwino, aphunzitsi, alimi a mpunga ndi amalonda amene ankaoloka malire, ndipo mudzi umodzi sungadyetse atelala mazana. Bungwe la BRAC la ku Bangladesh linaonetsa kalekale kuti wosaukitsitsa amadzuka pamene maphunziro adza pamodzi ndi mpamba, chakudya cha miyezi yoyamba, kusunga ndalama, ndi mlangizi womuyendera kawirikawiri. Ndipo pakhale posiya ana, chifukwa mayi wa khanda kumsana ndi wina kumanja sangapikisane ndi mwamuna pa msika.

Koma mfungulo ili ndi aphungu athu a Nyumba ya Malamulo. Ku Geneva m'chaka cha 2019 boma lathu linalonjeza pamaso pa maiko kuti lidzaunikanso malamulo a othawa kwawo ndi kuwathandiza kudziimira paokha, ndipo lonjezo la mfumu ndi ngongole. Ngati kutsegula zonse nthawi imodzi kukuopsa, ayambe ndi zimene zingatheke chaka chino: mayi wolembedwa m'kaundula amene ali ndi malonda odziwika apatsidwe chiphaso cha chaka chonse chopitira ku misika ya Dowa, Mponela ndi Lilongwe, magulu a amayi a mumsasa ndi a m'midzi aloledwe kulembetsa makopaletivu awo pamodzi, ndipo namwino kapena mphunzitsi amene mapepala ake ayesedwa napezeka oona aloledwe kugwira ntchito m'zipatala ndi m'sukulu zathu za kumidzi, zimene zikulira kusowa kwa antchito.