Mlatho Umawola Mkati

Anzathu ena amati mlatho wa konkire sumafa, ukamangidwa wamangidwa basi. Ife tikukana mau amenewa.

Tonse timawadziwa anankafumbwe. Cimanga m'nkhokwe cimaoneka cabwino kunja, koma ukacitonola upeza ufa wokhawokha. Konkire nayonso imatero. Mkati mwake muli zitsulo. Madzi akalowa pa kamng'alu, citsulo cimacita dzimbiri, cimatupa, n'kuyamba kuswa konkire kucokera mkati. Munthu wodutsa pa njinga ndi thumba la nandolo saona kanthu. Pansi pa mtsinje naponso madzi amakumba mcenga kutsinde kwa mizati, kumene diso silifika.

Ife a ku Milange tikudziwa zimene zimacitika msewu ukaduka. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Licungo unasefukira n'kudula msewu waukulu pa Mocuba. Magalimoto anaima. Mu Malici 2023 namondwe Freddy anabweretsa cimvula kuno ndi kutsidya ku Mulanje. Milatho imene inapulumuka timawolokapo tsiku ndi tsiku. Koma kodi mkati mwake muli bwanji?

Ku Italy, mumzinda wa Genoa, mlatho waukulu unagwa pa 14 Ogasiti 2018. Anafa anthu 43. Zingwe zacitsulo zinali zitadyeka mkati mwa konkire. Pa mlatho watsopano, umene anatsegula mu 2020, anaikapo maloboti. Loboti ndi makina oyenda okha. Amayenda m'mbali mwa mlatho, kusuzumira kunsi ndi kujambula zithunzi. Alipo makina enanso amene amagogoda konkire n'kumvetsera, monga timagogodera mphika wadothi pamsika tisanaugule. Pamene pali mphako pamalira mwina.

Ena amati zimenezo n'za maiko olemera. Nanga kumanga mlatho wina kucokera pansi n'kochipa? Nanga mlimi amene soya wake walephera kufika ku Mocuba, adzam'lipira ndani? Ena amati loboti silikonza mlatho. Zoona. Limangosonyeza pamene pali bala. Pamafunika mmisiri wodziwa kuwerenga zimene laona, pamafunikanso simenti ndi manja a anthu. Manjawo tili nawo, ndipo ana athu angathe kuphunzira umisiriwo.

Tikupempha akuluakulu oyang'anira misewu kuti milatho ya pa msewu wa Milange kukafika ku Mocuba iziyezedwa mkati ndi pansi pomwe, mvula isanayambe. Tsiku limene ayeza ndi zimene apeza azilemba pa cikwangwani pa mlatho pomwepo, m'Cipwitikizi ndi m'Cinyanja.