Zilumba za Nkhalango Pakati pa Mzuzu ndi Nyanja

Nyengo ya tchuthi ikakwana, anthu a mumzinda wa Mzuzu amene ali ndi kangachepe amatsetsereka ndi msewu wa M5 kulowera ku Nkhata Bay, ena n'kukhotera ku Chintheche kukasamba m'nyanja, ena n'kudikira sitima ya Ilala kuti iwawolotsere ku Likoma kapena ku Chizumulu. Ulendo wapachilumba uli ndi kukoma kwake, makamaka ku Likoma kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903. Koma munthu amene waona pa intaneti zithunzi za zilumba zakunja zokutidwa ndi mitengo yowirira, n'kuganiza kuti akaipezanso kumeneko, amakapeza malambe, mitengo ya mango, miyala ndi minda ya chinangwa, pakuti Likoma ndi chilumba chouma. Nkhalango imene akuifunayo amakhala ataidutsa kale panjira, ali m'minibasi, maso ali pa anyamata ogulitsa mipira ya labala pafupi ndi esiteti ya Vizara.

Nkhalango yamvula, imene akatswiri a zomera amaitchulanso kuti nkhalango yobiriwira chaka chonse, ndi ija imene mitengo yake siyoyola masamba nthawi imodzi m'chilimwe, ndipo nthambi zake zimakumana pamwamba mwakuti dzuwa silifika pansi mokwanira kuti udzu umere. Imasiyana ndi tchire la miombo lofala m'Malawi, lokhala ndi mitengo ngati mombo ndi msuku, limene limalola udzu kumera ndipo limapirira moto wa chaka ndi chaka. Chimene chimachititsa kuti nkhalango yamvula ipezeke m'dera lino ndi kaimidwe ka dziko: nyanja ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pamlingo wa nyanja zamchere, pamene Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200, ndipo mtunda wa pakati pa mzindawu ndi doko la Nkhata Bay ndi wa makilomita pafupifupi 50. Mphepo ya mwera ikatenga chinyezi panyanja imakankhidwira m'mwamba ndi mapiri a Viphya, n'kuzizira, n'kugwetsa mvula kapena nkhungu, ndipo n'chifukwa chake boma la Nkhata Bay lili m'gulu la madera olandira mvula yambiri m'dziko muno, komanso Mzuzu amanyowabe mu Epulo ndi Meyi pamene kwina fumbi layamba kale.

Katswiri wa zomera Frank White, amene mu 1970 analemba pamodzi ndi J. D. Chapman buku lotchedwa The Evergreen Forests of Malawi, anafotokoza nkhalango za m'mapiri a mu Africa monga gulu la zilumba, chifukwa iliyonse imakhala payokha pamwamba pa phiri lake, itazunguliridwa ndi dziko louma limene zomera zake ndi nyama zake zambiri sizingathe kuwoloka. Chigawo cha kumpoto chili ndi zilumba zotere zingapo, monga Mughese, Wilindi ndi Matipa m'mapiri a Misuku ku Chitipa, komanso Zovochipolo ku Nyika. Nkhalango za m'munsi mwa mapiri, monga Mkuwazi pakati pa Nkhata Bay ndi Chintheche ndiponso Kalwe pafupi ndi tauni ya Nkhata Bay, zasanduka zilumba mwa njira ina, pakuti zimene zazizungulira ndi minda ya chinangwa, ya tiyi ndi ya labala. Kum'mawa kwa mzinda wa Mzuzu kuli Kaning'ina, kumene mitengo yobiriwira chaka chonse yatsalira makamaka m'zigwa ndi m'mbali mwa timitsinje.

Wolowa m'nkhalango ngati ya Mkuwazi amayamba wamva kusintha kwa mpweya asanaone kanthu, chifukwa kutentha kwa kumsewu kumatha mwadzidzidzi, ndipo pansi pamakhala pofewa ndi masamba owola amene chiswe ndi bowa zimasandutsa chonde. Apa pali chinthu chimene ambiri sachidziwa: chonde cha nkhalango yotere chili m'masambawo ndi m'mitengo yamoyo, osati m'dothi lakuya, mwakuti munda wolimidwa pamene padulidwa nkhalango umabereka bwino zaka zochepa chabe kenako n'kuguga. M'mwamba mumalendewera zilambe zonenepa ngati dzanja la munthu wamkulu, ndipo apa ndi apo pamaoneka kachere, mtengo umene mbewu yake imamera panthambi ya mtengo wina itasiyidwa ndi mbalame, n'kutsitsa mizu mpaka pansi, mizuyo n'kukula ndi kulumikizana mpaka kuupha mtengo umene unaulandira. M'nkhalango za m'mbali mwa nyanja mumamera mwavi, umene khungwa lake makolo ankaweruzira nalo milandu ya ufiti, ndipo m'mphepete mwa mitsinje muli mbawa, mtengo wa matabwa ofiira umene ocheka matabwa amaulondola kulikonse kumene uli. Nchima, anyani amanyazi okhala m'mitengo, zimamveka kawirikawiri kuposa mmene zimaonekera. Okonda mbalame amachoka kutali kudzafuna kambalame kotchedwa East Coast akalat, kamene kamakhala m'munsi mwa mitengo mumdima ndipo kamapezeka m'malo owerengeka okha a kum'mawa kwa Africa.

Kuyenda m'malo otere sikulira zambiri, koma kumafuna kukonzeka. Nsapato zotseka ndi thalauza lalitali n'zofunika chifukwa cha linthumbu, limene limadutsa njira mumzere wakuda ndipo limakwera mwendo mwakachetechete lisanayambe kuluma. Wolondolera wodziwa ntchito amaona mzerewo patali n'kuuza alendo kuti aulumphe osaima. Miyezi ya Juni mpaka Okutobala ndiyo yabwino chifukwa njira siziterera kwambiri, ndipo m'mamawa ndi pamene mbalame zimalira. Popeza nkhalangozi n'zotetezedwa ndi boma, mlendo ayenera kuyamba waonekera kwa ogwira ntchito a Dipatimenti ya Zankhalango, ndiponso kutenga munthu wa m'mudzi woyandikana nayo, amene amadziwa mayina a mitengo m'Chitonga kapena m'Chitumbuka pamodzi ndi ntchito zake zamankhwala.

Vuto la chilumba n'lakuti chikachepa sichikhala ndi kotenga thandizo. Mbalame kapena mtengo zikatha m'nkhalango yaikulu zimatha kubwereranso kuchokera mbali ina, koma zikatha m'kankhalango kodulidwa mbali zonse, zatheratu. Moto wa m'tchire umadya m'mphepete chaka chilichonse, ndipo mtengo waukulu umodzi ukagwetsedwa, dzuwa limalowa, udzu umamera, moto n'kupeza polowera. Mzuzu, amene anayamba m'ma 1940 ngati esiteti ya mitengo ya tung ndipo anakwezedwa kukhala mzinda mu 1985, anali ndi anthu oposa 220,000 pa kalembera wa 2018, ndipo mabanja ambiri amaphikira makala ndi nkhuni. Matumba a makala amene amalowa mumzinda panjinga mbandakucha amachokera m'mapiri omwewa amene amasunga madzi a damu la Lunyangwa, kumene bungwe la Northern Region Water Board limatunga madzi a anthu a mumzinda. Ena amadzitonthoza poloza mitengo ya paini ya ku Chikangawa, koma munda wa mtengo wa mtundu umodzi wochokera kunja, ngakhale utakula mahekitala oposa 50,000, sungasunge nchima kapena akalat, ndipo nawonso wapululuka ndi moto ndi macheka. Lamulo la zankhalango la 1997 linakhwimitsidwa mu 2020, komabe chilango chokha sichidyetsa banja limene likudalira thumba la makala.

Pachilumba cha Unguja ku Zanzibar pali nkhalango ya Jozani, imene inakhala paki ya dziko mu 2004, ndipo alendo obwerera mchenga wa kunyanja amapatula maola ochepa kukaona anyani ofiira otchedwa red colobus, akuyenda m'njira zolambulidwa bwino ndi olondolera a komweko, gawo la ndalama zolowera n'kupita kumidzi yozungulira. Palibe chodabwitsa chimene chinachitika kumeneko kupatula njira, zikwangwani, olondolera ophunzitsidwa ndi ndondomeko yogawana ndalama poyera. Mzuzu University imaphunzitsa zankhalango komanso zokopa alendo, malo ogona alendo ali ponseponse kuyambira ku Nkhata Bay mpaka ku Chintheche, ndipo sukulu za mumzinda zimachita kale maulendo opita kunyanja. Dipatimenti ya Zankhalango, makhonsolo a Mzuzu ndi Nkhata Bay pamodzi ndi mafumu akhale pansi, alambule njira zoyendamo ku Kaning'ina, ku Kalwe ndi ku Mkuwazi, aike mtengo wolowera umene Mmalawi wamba angakwanitse, ndipo olondolera oyamba kulembedwa akhale achinyamata a m'midzi imene lero ikuotcha makala.